Mbale imodzi imadya ndalama zingati? Zomwe zinandichitikira pa geni yophika ku Mtandire

Amayi angapo akhala akundifunsa ku tchalitchi ndi pa WhatsApp kuti gulu lathu lophika tinaliyamba bwanji, ena akufuna ayambitse lawo ku Chinsapo ndi ku Area 36, nde ndati bola ndingolemba kamodzi mmene zinayendera, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti amene akuyamba kumene asagwe m'mayenje omwe ife tinagwamo.

Ine ndimakhala ku Mtandire, ana ndili nawo atatu. Bambo awo anapita ku Joni mu 2019, miyezi yoyamba ankatumiza ndithu kangachepe koma Covid itavuta mu 2020 foni inayamba kusowa mpaka inangoti zii. Za iwowo sindikamba zambiri. Ndinatsala ndi lendi, ana ndi manja angawa basi. Ndinkadzuka 4 koloko kukazinga mandasi, mwana wamkulu n'kukakhala nawo pamsewu asanapite ku sukulu, ine n'kuwolokera ku Area 47 kukagogoda m'mageti kufunsa ganyu yochapa, tsiku lina kupeza, tsiku lina kubwerako ndi fumbi lokha kumapazi. Mandasiwo ndinagulitsa zaka ziwiri zathunthu ndipo mukanandifunsa nthawi imeneyo ndikanalumbira kuti ndikupindula, chifukwa beseni linkabwerako lopanda kanthu ndipo ndalama ndinkaigwira m'manja. Koma mpamba unkangosungunuka. Mwezi ndi mwezi ndinali ku banki mkhonde, pena kwa katapila, kukatenga ina yoti ndiodere fulawa ndi mafuta. Ndinafika pokhulupirira kuti pali kasitomala wina amene akundiba ndi chitaka, mpaka ndinayamba kuika kakhala ka moto mu chitini cha ndalama monga amanenera anthu.

Kumayambiriro kwa 2022 kunabwera kabungwe kena kakang'ono kudzera kwa amfumu ndi amayi a mvano, kufuna amayi amasiye, osiyidwa ngati ine, ndi atsikana omwe anasiya sukulu chifukwa cha mimba. Maphunziro a miyezi itatu, katatu pa sabata, mu holo ya tchalitchi. Tinalembetsa anthu 22 koma tinamaliza 14, ndipo pamenepa ndikufuna amene mukukonza maphunziro otere mumve bwino. Awiri okha ndi omwe anasiya chifukwa ankayembekezera alawansi. Enawo anasiya chifukwa tsiku lomwe wakhala m'kalasi ndi tsiku lomwe sunachape kwa bwana, nde madzulo ana adya chani? Atasintha nthawi kuti tiziyamba 1 koloko masana, n'kulola kuti tizibwera ndi makanda kumsana komanso zomwe taphika tsikulo tizigawana kupita nazo kunyumba, palibenso wina anasiya.

Mphunzitsi wathu anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito m'mahotela zaka zambiri, tinkangowatcha kuti a shefu. Tsiku loyamba mumtima ndinali ndi kakudandaula, kuti ine amene ndinayamba kugwira mthiko ndili ndi zaka 9 ndiphunzitsidwe kuphika ndi bambo? Koma iwo sanabwere ndi poto ayi. Anabwera ndi sikelo, kope ndi bolopeni. Anafunsa kuti ndani amagulitsa kale chakudya, ndinakweza mkono, nde anati, mayi, Lachitatu mubwere ndi zonse zomwe mumaphikira mandasi anu, musasiye kanthu olo machesi.

Lachitatulo sindidzaliiwala. Anayala nyuzi patebulo, tinayeza fulawa, shuga, yisiti, mchere. Mafuta anawayeza mu botolo ndisanayambe kukazinga n'kuwayezanso nditamaliza kuti tione omwe apita. Makala anawerengera. Timajumbo toikiramo anawerengera. Kenako anandifunsa kuti fulawayu mumakamugula kuti, ndinati m'tauni, anati ndalama ya minibasi popita ndi pobwera lembani. Mandasi anatuluka 80. Titaphatikiza zonse zinakwana K3,440, kutanthauza kuti mandasi amodzi ankandidyera K43 ine ndikugulitsa K50. Phindu la beseni lonse K560. Ndinati chabwino, ilipo ndithu. Iwo anati dikirani, ana anu m'mawa amamwera tiyi angati? Ndinati 6. K300 yapita. Nanga aneba oti ndikupatsani mawa? Ndinakhala chete chifukwa tsiku lililonse atatu kapena anayi ankapita choncho ndipo mawa lakelo silinkafika. Anatembenuza kope lija kundionetsa, pansi penipeni panali K60, ndipo anati, mayi, chitaka chanu ndi ichi, chili mu kope umu, ndipotu tulo tanu ta 4 koloko ndi utsi womwe mumapumawu sitinauwerengere. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa holo. Zaka ziwiri ndikudzuka usiku, mwana wanga akuchedwa ku sukulu, chifukwa cha K60. Ndipo imeneyo inali mitengo ya kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, mafuta ophikira atakwera kale moti amayi ambiri a mandasi anangopachika chiwaya.

Zophika zenizeni tinaphunziranso, osati ayi. Kuphikira banja la anthu 5 ndi kuphikira anthu 150 ndi ntchito ziwiri zosiyana, pagulu sungamangoti ndithira mchere ndi maso. Ife timawerengera kilo imodzi ya mpunga anthu 7 kapena 8, chifukwa paukwati anthu akwathu sabwera kudzalawa. Nkhuku timaidula zidutswa zofanana ndipo timadziwiratu kuti imodzi itulutsa mbale zingati, nsima mitanda yake ikhale ya chipande chimodzi osati wina wamkulu wina wamng'ono. Tinaphunzira kuzindikira Kilombero weniweni wa ku Karonga ndi fungo lake, chifukwa pamsika ena amasakaniza, pamwamba pa thumba wabwino pansi woswekasweka, nde pisani dzanja mpaka pansi musachite manyazi. Mbatatesi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, tomato, kabichi, anyezi timakagula ku Wakawaka m'mamawa magalimoto akungotsitsa kumene, ukafika dzuwa litakwera wagula kale kwa wachitatu.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti ife tinkaganiza kuti tikaphunzira zachizungu, makeke ndi zina zoti sitizitchula bwino, ndiye ndalama ibwera. Makeke tinaphunzira pang'ono koma opanda uvuni wabwino komanso magetsi akuzimazima tinaona kuti si zathu. Zomwe anthu a m'maofesi amatiimbira foni mpaka lero ndi nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera, chisoso, therere, nyemba, usipa wofutsa, futali, thobwa lozizira bwino. Zakudya za kwa agogo zomwezo, kungoti zophikidwa mwaukhondo, zofika pa nthawi yake ndipo zokoma chimodzimodzi lero ndi mawa. Nsinjiro timasinja tokha ndipo mtedza timayamba tausankha palichero umodziumodzi, wakuda, wofota ndi wa chuku kutaya, chifukwa chuku chimenechi ndi poizoni amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo olo uwiritse bwanji sachoka. Kale ndinkati mtedza woipawo ndi womwe umayenera kusinjidwa kuti usawonongeke, amayi ambiri timatero.

Titamaliza maphunziro kabungwe kaja kanatisiyira masefuliya akuluakulu anayi, mbaula ziwiri ndi maapuloni, ntchito yawo inathera pomwepo. Ena anayamba payekhapayekha, ife anthu 9 tinati tikhale pamodzi. Oda yathu yoyamba inali chinkhoswe ku Area 25 mu October 2022, mwini wake anali mlamu wa mmodzi mwa ife. Chisangalalo chake tinaiwala zonse za mu kope zija. Anatiuza kuti anthu 150, tinagwirizana pakamwa, dipoziti sitinatenge chifukwa amati ndi achibale, zogulira tinakongola. Patsikulo kunabwera khwimbi la anthu, mzere osatha, oposa 200 ndithu, ndipo mwini wake akungoti pitirizani kugawa tikambirana. Nkhuku inatha, tinathamangitsa kabaza kukagula ina ndi ndalama zathu kuopa manyazi. Galimoto yonyamula mapoto sitinaiwerengere, nkhuni sitinawerengere, mbale za hayala zinasweka 11 tinalipira ife. Ndalama anatipatsa modukizadukiza ndipo ina yotsala mpaka lero sitinaione. Masiku awiri osagona aliyense anapita kwawo ndi K2,000. Amayi atatu anachoka pagulu sabata yomweyo ndipo sindiwaimba mlandu.

Tinapita kwa a shefu kukadandaula, iwo sanatikalipire, anangotiuza kuti tikhale pansi tilembe ndalama iliyonse yomwe inatuluka. Kuchokera tsiku limenelo sitigulitsanso chakudya cha "anthu", timagulitsa mbale. Mwalipira mbale 150, timabwera ndi mbale 150, wina wa ife amaima pamzere kuwerenga, zikatha zatha, mukufuna zina mulipire pompo. Zonse timalemba papepala, mwini phwando asayine ife tisayine, dipoziti ya 70 peresenti isanalowe moto sitikoleza, yotsalayo ilowe tisanatsitse mapoto m'galimoto. Kaya ndi mlamu, kaya ndi abusa, kaya ndi mayi anga ondibereka. Poyamba zimaoneka ngati nkhanza koma ubale umene unasokonekera ndi uja wa chinkhoswe cha pakamwa chija, mpaka pano mnzathu uja ndi mlamu wakeyo sayankhulana bwino.

Tisanapume n'komwe kunabwera kolera. Amene munali mu Lilongwe muno kumayambiriro kwa 2023 mukukumbuka, sukulu za kuno ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January, kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika kunaletsedwa, ndipo dziko lonse anthu oposa 1,700 anamwalira ndi mliri umenewo. Kwathu kuno komwe madzi ambiri timatunga pa kiyosiki ndipo ena amadalirabe zitsime, maliro tinawaona ndi maso. Kabenchi kathu komwe tinkagulitsira nsima masana tinatseka. Zinali zowawa, koma apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chomwe a shefu ankalimbikira zinthu zomwe ife tinkaziona ngati zovutitsa: zikhadabo zoŵenga, duku kumutu, kusamba m'manja ndi sopo pamadzi othira osati m'beseni limodzi tonse, thabwa lodulira nyama yaiwisi likhale losiyana ndi la tomato ndi anyezi wa kachumbari, madzi otsukira masamba akhale othira kolorini, wogwira ndalama asagwire chakudya. Ndi mpunga, amayi anzanga, mpunga wogona womwe wakhala pofunda usiku wonse osaupatsa kasitomala olo ukuoneka bwino bwanji, umatsegula m'mimba ngakhale uutenthetsenso. Munthu mmodzi yekha akadwala ndi chakudya chanu, dzina lomwe mwalimanga chaka chonse latha tsiku lomwelo, ndipo kuposa dzinalo, ndi moyo wa mwana wa munthu.

Miyezi yomwe tinakhala osagulitsayo, msungichuma wathu, mayi wamasiye amene anafika Fomu 2 yokha koma mutu wake ndi wakuthwa zedi, anati tisangokhala, tiyeni tikonze mapepala. Tinapita kukayezetsa kuchipatala kuti tikhale ndi zikalata za anthu ogwira chakudya, tinapita ku khonsolo ya mzinda kukafunsa za chilolezo, tinalembetsa dzina la geni yathu, tinatsegula akaunti ya gulu ku banki yosayinira anthu atatu, tinakatenga TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA. Zinatidyera ndalama ndi nsapato, ena ankati tikungotaya nthawi. Koma mwezi wa May mayi wina amene ndinkamuchapira ku Area 47 anandiuza kuti ku ofesi kwawo ku City Centre kuli msonkhano wa masiku atatu, anthu 40, ndipo funso loyamba la a akaunti awo silinali loti mumaphika bwanji, linali loti tumizani kotesheni, muli ndi TPIN, akaunti ya banki ili m'dzina la ndani. Maofesi ambiri sangakutumizireni ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ya dzina lanu, amafuna invoisi ndi risiti. Tikanakhala opanda mapepala aja oda imeneyo ikanatidutsa, ndipo ndi yomwe inatitsegulira zitseko zina.

Koma za maofesi ndikuchenjezeni. Amalipira bwino koma amalipira mochedwa, mwezi wathunthu pena kuposa, ndipo dipoziti ambiri sapereka. Ngati mulibe ndalama yanuyanu yoti muphikire n'kudikira, musathamangire kwa katapila chifukwa chiwongoladzanja chidya phindu lonse cheke chisanatuluke. Ife oda ina yaikulu tinaikana ndi misozi m'maso chifukwa thumba lathu silikanakwanitsa, ndipo sindinong'oneza bondo.

China chomwe msungichuma yemweyo anatipulumutsa nacho ndi cha November 2023. Tinali titalandira dipoziti mu October ya ukwati wa mu December. Ambiri tinkafuna ndalamayo tiyambe taizungulitsa ku banki mkhonde kuti ibereke kaye, iye anakana kwamtuwagalu, anati ndalama ya mwini siigona, sabata yomweyo tinakagula mpunga, mafuta, shuga, mchere ndi ufa n'kutsekera m'chipinda mwake. Pasanathe milungu itatu kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo m'mashopu inasintha usiku umodzi. Pa nkhuku ndi zamasamba tinaluzako ndithu, koma tikanakhala kuti zouma zija sitinagule tikanaphika ukwati wonsewo ndi ndalama za m'thumba mwathu. Pano kotesheni yathu timalemba pansi kuti mtengowu ndi wa masiku 7 okha.

Kagawidwe ka ndalama ndi komwe kumapha magulu ambiri a amayi, nde ndinene mmene ife timachitira. Oda ikatha timakhala pamphasa tonse, kope pakati, ndalama kapena meseji ya ku banki aliyense aione. Choyamba timabweza mpamba wonse. Chachiwiri aliyense amene wagwira ntchito amalandira ya tsiku lake, amene sanabwere salandira olo akhale tcheya. Yotsalayo timaigawa patatu, ina ku thumba la gulu logulira ziwiya ndi kudikirira ma oda a ngongole aja, ina timasunga yogawana mu December nthawi ya feteleza ndi fizi, ina ndi yophunzitsira amayi atsopano komanso phala la soya lomwe timakaphikira ana ku sukulu ya mkombaphala ya m'dera mwathu Lachisanu lililonse. Gawo lachitatuli ine ndinalikana poyamba, ndinene zoona, ndinali ndi miyezi iwiri ya lendi ndipo ndinati tithandize bwanji ena ife tomwe tikumira. Maganizo anga mpaka pano ndi akuti gulu lisayambe zachifundo mamembala ake asanayambe kulandira ya tsiku, chifukwa mayi wanjala sakhalitsa pagulu. Koma zitayamba kuyenda ndinaona kuti atsikana omwe tawaphunzitsa ndi omwe amatipulumutsa tikapeza ma oda awiri Loweruka limodzi, ndiponso ife tomwe pali wina anatilipirira sikelo ija ndi holo ija osatidziwa.

Zotsala paphwando nazo zinatsala pang'ono kutigawanitsa, wina kubisa nkhuku m'chitenje, wina kuona n'kukanena kumbali. Tinapangana kuti chotsala chilichonse, ngati mwini phwando watilola, chiikidwe poyera tigawane mofanana tonse tikuona. Nkhani yaing'ono koma miseche yake inali yaikulu kuposa ya ndalama.

Pali nkhani ina yomwe pa maphunziro sanatiuze. Mayi akayamba kugwira ndalama si nyumba zonse zomwe zimasangalala. Mnzathu wina mwamuna wake ankamudikira panjira tsiku logawana, kumulanda yonse, akakana kumumenya. Ankabwera ku ntchito atamanga duku mpaka m'maso. Tinayamba kumusungira ndalama yake kwa msungichuma, fizi ya ana tinkakalipira tokha ku sukulu n'kumubweretsera risiti, ndipo tsiku lomwe anabwera ndi dzino loguluka tinamuperekeza anthu atatu ku Victim Support Unit ku polisi, yekha sakanapita. Ngati mukuyambitsa gulu muyembekezere zimenezi, mufunsane za kunyumba, ndipo aliyense akhale ndi nambala yake ya foni yolandirira ndalama yomwe PIN yake akuidziwa yekha.

Za satifiketi, funsani musanayambe kuti pepala lomwe mudzalandire ndi lovomerezeka ndi TEVETA, bungwe la boma loona za maphunziro a ntchito zamanja, kapena ndi la bungwe lokhalo. Lathu linali la bungwe lokha, pa geni yathuyi silinativute chifukwa kasitomala amalawa chakudya osati pepala, koma mtsikana wathu wina atakafunsira ntchito ku loji anamubweza chifukwa cha chomwecho. Atsikana omwe muli ndi MSCE ndipo mukufuna za m'mahotela zenizeni, kuli Malawi Institute of Tourism, kafunseni, musathere pa ife.

Sindinalemere ayi, ndikukhalabe ku Mtandire konkuno, miyezi ya January ndi February ma oda amasowa moti timabwerera ku kabenchi kathu ka nsima. Koma lendi ndimalipira pa 1, kwa katapila ndinasiya kupita, ndipo mwana uja ankakhala ndi beseni pamsewu pano ali Fomu 3 ndipo m'mawa amapita ku sukulu basi. A shefu anabwerera kumudzi kwawo chaka chatha, miyendo inayamba kuwavuta, sikelo ija anatisiyira.

Lolemba lapitali talandira amayi atsopano 6. Mmodzi amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi sukulu ya pulayimale, wandiuza kuti zimatha tsiku lililonse koma ndalama sakuiona, akuganiza kuti pali amene akumuchita chipongwe. Ndamuuza kuti Lachitatu abwere ndi zonse, ufa, nthochi, mafuta, makala, timajumbo, olo machesi asasiye, kope ndigula ndine.